Mpopi wa Bambo Tadeyo

Maryhill, Glasgow

Okondedwa achimwene a Dunstan,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga ndi wa ana onse kumeneko ku Dedza. Kodi bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mvula yokha ndiyo yationa litsiro, sikukata. Mwana wanga Megan wakula mpaka kundipitirira msinkhu, koma Chichewa chake chikadali pa "ndili bwino, kaya inu", kenako amathawira m'Chingerezi cha kuno chimene ngakhale Angerezi enieni amachita kuchitchera khutu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wamakedzana pamene foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikangotchula dzina la malume a Rowland, netiweki ya kwanu imadwala mwadzidzidzi. Pepala lilibe batani lodulira. Ndapatsira mayi Atupele a kumpingo kwathu, amene akubwera kumudzi, kuti akupatseni pamanja.

Achemwali a Joan andiuza kuti malume sakudzukanso pamphasa ku Linthipe, ndipo atumiza mawu kangapo kuti akufuna kuonana nanu, inu mwana wamkulu wa mlongo wawo. Andiuzanso yankho lanu, lakuti munthu amene anapereka atate kwa apolisi mudzakaonana naye kumwamba, ngati adzakafikeko n'komwe.

Sindikunena kuti malume sanalakwe. Ndinali wamng'ono, koma ndikukumbukira galimoto imene inadzatenga atate pasukulu, ndi chifuwa chimene anabwera nacho kuchokera kundende, chomwe chinawaperekeza mpaka kumanda. Inu ndi amene munasiya sukulu kuti ife tidye. Ndiye sindikubwera ndi ulaliki. Ndingofuna ndikuuzeni za nkhalamba ina imene ndakhala ndikuisamalira chaka chino pa ntchito yanga yosamalira okalamba m'nyumba zawo.

Anali wansembe wa Katolika wochokera ku Poland. Dzina lawo ndi Tadeusz, koma lilime langa linakana, ndiye ndinkangoti Bambo Tadeyo, iwo n'kumavomera. Ankakhala okha m'fulati yapamwamba moyang'anizana ndi ngalande ya kuno ku Maryhill. Miyendo inali itatha, ankayenda ndi chitsulo chogwirira, koma pakamwa panali pakuthwa. Atamva kuti ndine wa Pulesibiteriyani anati Mulungu wawatumizira ine kuti amalizire purigatoriyo pansi pomwe pano.

Tinkagwirizana pa zonse kupatula chinthu chimodzi. Akafuna kulankhula nkhani iliyonse yochokera pansi pa mtima, ankayamba akwawira kukhichini, n'kutsegula mpopi wa pasinki mpaka kumapeto, kenako n'kuyamba kulankhula madziwo akuchita phokoso.

Achimwene, inu mukundidziwa. Ine ndi uja ndinkaima pamzere pamjigo wa kusukulu kusanache, ndowa pamutu, mpaka lero khosi limandikumbutsa kukazizira. Ndiye ndiziona madzi oyera mbee akungopita m'dzenje? Ndinkapita n'kukatseka. Ndikatseka, iwo ankadukiza mawu pakati, n'kukhala chete ngati ndawatseka pakamwa penipeni.

Ndinafika pouza anesi amene ankawayendera kuti mutu wa agogowa wayamba kusokonekera. Safunsa anadya phula.

Tsiku lina ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti kwathu madzi amene ataya m'mawa umodzi akanamwetsa mudzi wonse ndi mbuzi zomwe, ndipo ngati kutaya madzi si tchimo kwa Akatolika, kwa ife ndi tchimo. Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati ndikunena zoona, koma lilime lawo linazolowera, silitakasuka popanda phokosolo. Ndiye tinapangana kuti ndizitchera ndowa pansi pa mpopi, madziwo ndizikolopera ndi kuthirira maluwa. Nkhani imene ndikuuzeniyi inadzaza ndowa zambiri.

Kwawoko, ali mnyamata, kunali boma la chikomyunizimu, ndipo apolisi achinsinsi anali ndi gulu lapadera longolonda ansembe. Bambo Tadeyo analalikira zosakomera boma, zokhudza antchito amene ankatsekeredwa popanda mlandu. Anawalola kutuluka m'dzikomo, koma pobwerera anapeza khomo latsekedwa. Umu ndi mmene anapezekera ku Glasgow, akuchititsa Misa ya anthu akwawo ndi kusonkhanitsa mankhwala ndi zovala zotumiza mwakachetechete kwa mabanja a omangidwa.

Boma lija linkafuna mayina a olandira katunduyo ndi a omunyamula. Ndiye ngakhale munthuyo anali kutsidya kwa nyanja, makutu a boma anamutsatira.

Makutuwo anali a bambo wina dzina lake Yanushi, wowotcherera zitsulo kumene amakhoma zombo ku Govan, dera lina la kuno ku Glasgow. Anafika ali yekha, mkazi ndi mwana wamkazi atatsala kwawo. Anali waulemu, wothandiza kutchalitchi, ndipo Lachinayi lililonse ankabwera kudzamwa tiyi kwa wansembe.

Bambo Tadeyo anati anamuzindikira pa ulendo wachiwiri. Chinamugwiritsa ndi jasi. Kuno munthu ukalowa m'nyumba ya mnzako umavula jasi n'kupachika kukhomo, monga mmene kwathu mlendo amatulira katundu asanapatsidwe moni. Koma a Yanushi ankakhala ndi chijasi chawo pafupi ndi chitofu, thukuta lili kamukamu, n'kumati akumva kuzizira. Ndipo nthawi zonse ankatembenuzira thumba lakumanzere kumene kuli wolankhula. M'thumbamo munali kamakina kojambulira mawu.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanamuthamangitsire pomwepo, kapena kumuyalutsa pa Misa. Anati akanatero, amene akanalipira ndi mkazi ndi kamwana kaja, pakuti apolisiwo anawagwira ngati chikole. Anatinso apolisiwo akanangotumiza kazitape wina, mwina wosatuluka thukuta. Uyu ankatuluka thukuta, ndiye kuti chikumbumtima chake chinali chisanafe.

Ndiye anayamba kutsuka makapu. A Yanushi akangokhala pansi, wansembe ankatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka kapu iliyonse ya m'nyumbamo, yakuda ndi yoyera yomwe. Wina akalowa n'kutchula dzina losayenera kutchulidwa, madzi ankalimeza. A Yanushi ankakhala ndi tepi yokapereka kwa owatuma, banja lawo n'kupuma, koma m'tepimo munkangomveka madzi ndi makapu. Anati nthawi zina ankamvera chisoni wapolisi amene ankalipidwa kuti azimvetsera madzi a ku Glasgow chaka ndi chaka. Ine ndinaseka mpaka misozi.

Koma musaganize kuti inali nkhani yoseketsa yokhayokha.

Chaka china kunazizira kwambiri mpaka mapaipi anauma, mpopi osatulutsa ngakhale dontho. Linali Lachinayi, ndipo m'mawa womwewo uthenga unali utafika wakuti mayi awo a wansembe ali kayakaya. A Yanushi atalowa anawapeza akulira. Bambo Tadeyo anati tsiku limenelo anaiwala jasi, anangoona munthu wa kwawo. Anamuuza zonse, kuti akufuna kulowa m'dzikomo mozemba akatsanzike mayi awo, ndipo anatchula dzina la msuweni wawo amene akanakawachingamira kumalire.

Pasanapite nthawi msuweniyo anamangidwa. Anamumenya mpaka khutu limodzi linagontha. Ulendo unafera m'mazira, ndipo mayi aja anaikidwa m'manda mwana wawo wansembe ali kuno, osaponyako ngakhale dothi.

Apa ine ndinatseka mpopi ndekha, chifukwa ndowa inali itasefukira. Nditatchera ina ndinawafunsa zimene anachita Lachinayi lotsatira.

Anati anaphika tiyi. Anati dzanja linkafuna kumuponyera ketulo kumaso, ndipo anadana naye munthuyo kupitirira chaka, akukweza chikho pa Misa chidanicho chili mumtima ngati mwala. Sanadziyeretse ayi. Nditafunsa tsiku limene anakhululuka, anati tsiku lotero kulibe. Anati zinali ngati makapu omwe aja, ukatsuka lero, Lachinayi linalo uwapezanso akuda.

Achimwene, ine ndamva alaliki ambiri, ena mpaka kuthyola maikolofoni. Koma munthu ngati ameneyu sindinamuonepo, ndipo ndikunena mosabisa kuti ndinamukonda ngati atate anga.

Boma lija litagwa, mayina a akazitape anayamba kudziwika. Anthu a ku Poland a kuno anawalavula a Yanushi. Iwo anadzitsekera ku Govan, osapondanso kutchalitchi. Wansembe anapitako kangapo kukagogoda, chitseko osatsegulidwa. Zaka zoposa makumi atatu zinadutsa choncho, anthu awiri mumzinda umodzi, mtsinje wokha pakati. Ndipo nthawi yonseyo a Yanushi ankaganiza kuti anapusitsa munthu wosadziwa kanthu amene ankawakonda ndi mtima wonse. Ichi ndicho chinkawadya.

Miyezi yapitayi madokotala ananena kuti mtima wa Bambo Tadeyo watopa, palibenso chochita. Mbiri inawanda. Ndipamene ndinayamba kuona nkhalamba ina yovala jasi lakuda itakhala pabenchi m'mbali mwa ngalande, kaya kuli mvula kaya kulibe, maso ali pazenera lathu.

Mayi Halina, amene ankatsogolera amayi a kutchalitchi pobweretsa chakudya, anandikokera pambali. Anati munthu ameneyo ndi Yanushi uja, Yudasi weniweni, ndipo ndikadzangomulowetsa adzakandinenera kuofesi kuti ndikulowetsa anthu achilendo kwa wodwala. Musawaone ngati oipa. Mchimwene wawo anafera m'manja mwa apolisi omwe aja, ndipo ine mumtima ndinali mbali yawo.

Wansembe naye anali atamuona. Masana ena anakwawira kumpopi, ine n'kutchera ndowa, ndipo anandipempha kuti nditsike ndikamuitane.

Ndinakana. Ndinawauza za atate, za malume, za inu kusiya sukulu, zonse. Ndinati ine ndikanakhala iwo, munthuyo ndikanamuthira madzi otentha kuchokera pazenera pomwepo. Ndinkayembekeza kuti anditsegulira Baibulo. Sanatero. Anangoti akumva, ndipo za malume anga sangandiuze chochita. Kenako anati iwo akanatsika okha, koma masitepe awakana, ndiye akungobwereka miyendo yanga, mtima wanga ndikhale nawo.

Munthu wobwereka miyendo ungamukanize bwanji? Ndinatenga ambulera n'kutsika, ndikung'ung'udza sitepe iliyonse.

Nditafika pabenchi ndinachita zimene amayi anatiphunzitsa. Ndinanyonyomala pang'ono, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri, ndi kuwafunsa mmene adzukira. Anadzidzimuka ngati ndawamenya. Ndikuganiza kuti panali patapita nthawi yaitali munthu asanawagwire dzanja. Nditanena kuti Bambo akuwaitana, anapukusa mutu, anati iwo sayenera kuponda m'nyumba imeneyo.

Ndinawauza kuti kwathu wotumidwa sabwerera chimanjamanja. Ndinapinda ambulera n'kunena kuti ndiima pamvula pomwepo mpaka ndidwale chibayo, ndipo mlandu umenewonso ukhala pamutu pawo. Mukudziwa kuuma mutu kwa kwathu. Anaimirira.

Tinakwera pang'onopang'ono, akupuma pakona iliyonse. Titalowa tinapeza wansembe ali kukhichini, atatsamira sinki, makapu awiri ali patebulo. Palibe anapereka moni. A Yanushi anaima pakhomo jasi lili dontho dontho. Ndiye Bambo Tadeyo anatambasula dzanja n'kutsegula mpopi mpaka kumapeto, n'kutenga kapu yoyera kale, n'kuyamba kuitsuka, maso ali pa mlendo wawo.

Ndinaona nkhope ya munthu ikusintha, achimwene. Anayang'ana mpopi, anayang'ana kapu, kenako anagwira thumba lake lakumanzere. Ndinamukankhira mpando, anakhala pansi.

Analankhula m'Chingerezi poyamba, mwina chifukwa cha ine. A Yanushi anafunsa kuti wansembe anadziwa kuyambira liti. Wansembe anati kuyambira ulendo wachiwiri. A Yanushi anati owatuma aja ankawatukwana chifukwa cha matepi amadzi, ndipo iwo ankalumbira kuti wansembeyo ndi munthu waukhondo chabe. Kenako anatchula tsiku la mapaipi ouma. Anati tepi imeneyo anayenda nayo m'thumba sabata yonse, anafika nayo mpaka pamlatho kuti aiponye mumtsinje, koma anaganiza za mwana wawo, n'kukaipereka. Analira ngati kamwana.

Bambo Tadeyo sananene kuti zinali zazing'ono. Anati msuweni wawo anafa ali wogontha, ndipo manda a mayi awo anakawaona udzu utamera kale. Ananena zimenezi poyera, mawu osanjenjemera. Atatha, anatseka mpopi ndi dzanja lawo.

Chikhalireni m'nyumbamo ndinali ndisanamvepo khichini ili zii wansembe ali ndi mawu pakamwa. Mu bata limenelo anauza a Yanushi kuti m'nyumba muno mukutentha, avule jasi.

Ndinawathandiza a Yanushi kumasula mabatani. Ndinalitenga, lolemera ndi mvula, n'kukalipachika kukhomo pamwamba pa langa. Pobwerera ndinapeza ayamba chilankhulo chawo, a Yanushi atawerama, wansembe atawasanjika dzanja pamutu. Ngakhale ndine wa Pulesibiteriyani ndinadziwa kuti apa ndi pa kulapa, ndiye ndinakakhala pamasitepe panja.

Mayi Halina anakandinenera ndithu. Mabwana anga anandiitana kuofesi, koma wansembe anaimba foni okha n'kuwauza kuti nyumba ndi yawo, mlendo ndi wawo, ndipo miyendo anachita kubwereka. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale mayiwo sanandilankhulenso mpaka tsiku la maliro.

A Yanushi anayamba kubwera tsiku lililonse, osati Lachinayi lokha. Ankafika n'kupachika okha jasi. Ankakangana za mpira ndi za mmene amaphikira supu kwawo, ndipo ndowa yanga inakhala youma pansi pa sinki mpaka maluwa anayamba kufota. Sizinatenge nthawi yaitali. Bambo Tadeyo anatisiya mwezi wathawu, masana, mnzawoyo atawagwira dzanja. Ndikanachedwa kutsika masitepe aja ndi milungu yochepa chabe, bwenzi munthu uja akadali pabenchi mpaka lero.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera.

Tsiku la jasi lija, ndili m'basi kubwerera kunyumba, ndinakumbukira wailesi ya atate, ija yofiirira ya chogwirira chothyoka. Mukukumbuka kuti malume akabwera Lamulungu masana, atate ankawapatsa mpando wotsamira uja, kenako n'kukweza wailesi mpaka amayi kudandaula kuti tigontha? Ine ndinkayesa kuti atate ankangokonda nyimbo za kwaya. Koma malume akapita, wailesi inkatsitsidwa. Ndinakhala m'basimo mpaka inandipitiriza pamalo potsikira.

Sindikunena kuti atate ankadziwa. Mwina ankadziwa, mwina ayi. Malume analibe kamakina m'thumba, anali ndi makutu awo okha, ndipo wailesiyo sinawapulumutse atate. Koma ngati ankadziwa n'kumawapatsabe mpando wotsamira, ndiye kuti pali china chimene atate ankachiona mwa mlamu wawoyo chimene ife sitinachifunse. Sitinafunsepo kuti malume anawagwira ndi chiyani pakhosi masiku a chipani chimodzi aja, iwo ali ndi ana asanu ndi ntchito ya boma. Atate anapita, amayi anapita. Wotsala amene angatiuze ndi mmodzi, ndipo wagona pamphasa ku Linthipe.

Ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Sukulu yanu sibwerera, atate sabwerera. Sindikukupemphani kuti mukanene kuti zinali zazing'ono, pakuti ngakhale wansembe uja sananene choncho. Kanenani zonse zimene mwasunga, mukawauze za chifuwa chija ndi za mayeso amene simunalembe. Koma mukanene muli m'nyumba, mutakhala pansi, ndipo mukatha mukawalole nawonso alankhule.

Ine sindinafike pokhululuka, ndisakunamizeni. Usiku wina ndimawamvera chisoni malume, m'mawa mwake ndimadzuka nditakwiyanso. Ndikanakhala pafupi ndikanapita ndekha ndi mkwiyo wanga womwewu, koma tchuthi sandipatsa mpaka chaka chamawa, ndipo achemwali akuti malume safika nthawi yokolola. Ndiye nanenso ndikubwereka miyendo yanu, achimwene, ndi bondo lake lomwelo. Mtima wanu mukhale nawo.

Mulungu wa atate athu akusungeni, akupatseni mphamvu ndi mvula yabwino chaka chino. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Eneya ndi azing'ono ake onse, kwa achemwali a Joan, ndi kwa akulu a mpingo amene amandikumbukira. Megan akuti moni, m'Chichewa chake chothyokathyoka.

Moni wotsiriza ndi wa malume a Rowland. Umenewu sindinautumize pafoni ndipo sindinapatsire wina aliyense. Ndauika m'manja mwanu, ndipo inu ndi amene munandiphunzitsa ndili mwana kuti moni wa eni sagona nawo m'nyumba.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Nelia